Akuti Mumwe Madzi

1.

Akuti mumwe madzi.

Ndi zokhazo zimene Zelipa anawauza tsiku lija kuchipatala. Mawu atatu. Enawo anawabisa pansi pa lilime, monga mwana abisira nthanga ya bwemba m'tchalitchi.

2.

Amene ankauzidwawo ndi apongozi ake aamuna, a Sandalamu Kachiwanda a kuseri kwa Mponela. Anagayira anthu chimanga zaka makumi atatu, ndipo chigayo chinawatsazika ndi mphatso ziwiri: chifuwa cha fumbi ndi makutu ogontha. Mudzi wonse umadziwa zimenezo. Wofuna kuwapatsa moni amaima kutsogolo kwawo n'kukuwa ngati akuitana munthu wa kutsidya kwa dambo.

Zelipa, amene iwo ankamutchula ndi mfunda wake kuti aNambewe, sanawakuwirepo. Sanawayang'anepo m'maso. Pamene ankabwera pamudzipo monga mtengwa, azakhali ake anamukhazika pamphasa n'kumuuza kuti, apongozi aamuna ndi dzuwa, mwana wanga, umaliotha koma suliyang'ana. Ukakumana nawo panjira, patuka. Powapatsa madzi, gwada cham'mbali. Ndipo za m'munsi mwa lamba wawo, pakamwa pako pasadziwe n'komwe kuti ziliko.

Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Sanaphonyepo.

3.

Kale uthenga unkadzera mwa apongozi aakazi. Iwo atamwalira unkadzera mwa Yotamu, mwamuna wa Zelipa. Yotamu atapita ku Joni, panatsala galu.

Dzina lake Dziwazako. Wofiira, wa khutu limodzi lopindika, waulesi ngati Lamulungu masana.

Kukuwira apongozi ndi mwano. Kukuwira galu si mwano.

Iwe Dziwazako! Uwauze abambo kuti madzi osamba ali kubafa!

Dziwazako, uwauze aNambewe kuti ndamva. Uwauzenso kuti dzulo anandiphika ngati mbatata, lero athireko ozizira.

Iwe Dziwazako! Uwauze kuti mbatata yokhwima imafuna moto!

Galuyo ankangotukula diso limodzi. Ananyamula mauthenga a pakhomopo zaka zinayi osadzuka pamene wagona.

Koma galu sakwera minibasi yopita kuchipatala.

4.

Matendawo anayamba mwamanyazi. A Sandalamu ankapita kuseri kwa nyumba kawirikawiri, n'kukhalitsako, n'kubwerako nkhope ili yosakhutira. Paulendo wa kutchalitchi ankapatuka katatu. Zelipa ankaona, n'kuyang'ana kumbali, n'kuchedwetsa mapazi kuti asawapeze.

Chipatala chaching'ono chinawatumiza ku chachikulu, chachikulu chinawatumiza mumzinda. Kumeneko dokotala wina wamfupi anajambula pakapepala kanthu konga suku, kokhala pansi pa chikhodzodzo.

Dzina lake pulositeti. Muli khansa. Koma mwayi ulipo, mayi, ikadali m'nyumba mwake, sinatuluke kupita m'mafupa. Tikaiwotcha ndi cheza ikadali momwemo, bambowa adzakolola zaka zambiri.

Ikatuluka?

Dokotala anavundikira cholembera chake. Tisaipatse nthawi yotuluka.

5.

Ine ndine mayi Kalinde, ndimajambula m'kati mwa anthu. Operekeza odwala ndimawauza chimodzimodzi tsiku lililonse, mwina n'chifukwa chake ndimafulumira.

Ndimati, moto umene tiwotchere khansayo suona, umangopita kumene wauzidwa. Ndiye tisanawotche timayamba tajambula mapu. Kale tinkajambula kawiri, pamakina awiri, kenako n'kusanjika zithunzizo china pamwamba pa chinzake, ndipo nthawi zina zinkakanana ngati poto ndi chivundikiro cha poto wina. Tsopano timajambula kamodzi, pamakina a MRI okha. Amaonetsa mnofu bwino lomwe, malire a chotupa ngati malire a munda, ndipo kompyuta imawerengera yokha pamene pali mafupa. Ulendo umodzi m'malo mwa maulendo awiri. Koma ndiye kuti chithunzi chimenecho ndicho zonse. Mmene thupi lagonera tsiku lojambula, ligone momwemo masiku onse makumi awiri owotcha.

Chithunzi chimodzi chokha. Chikalakwika, palibe chinzake chochiwongola.

6.

Tsiku lojambula anakhala pabenchi la m'khonde la chipatala, a Sandalamu kumapeto uko, Zelipa kumapeto kuno, pakati mpata wokwana anthu atatu. Mayi Kalinde anayang'ana pakhadi pamene panalembedwa kuti wodwalayu samva, n'kutembenukira kwa Zelipa.

Inu ndinu ndani wawo?

Mtengwa.

Chabwino. Muwauze izi:

choyamba, apite kuchimbudzi, akachotse zonse, matumbo akhale opanda kanthu
chachiwiri, akabwerako amwe makapu atatu awa, onse
chachitatu, asakodze
asakodze ngakhale ziwawe
asakodze mpaka titamaliza, chifukwa chikhodzodzo chikadzaza chimakankhira matumbo kutali ndi moto
chachinayi, achotse chitsulo chilichonse

Mwamva, mayi?

Ndamva.

Fulumirani. Makinawa tikuwazimitsa masana ano, akubwera owakonza. Bambowa ndi omaliza.

7.

Ndipo Zelipa ananyamula makapu atatuwo pambale, nayenda mpata wa anthu atatu uja umene unatalika ngati ulendo wa ku Mponela wapansi, nagwada cham'mbali, nafunafuna galu pansi pa benchi ngakhale ankadziwa kuti galu ali kumudzi akugona paphulusa, ndipo mawu oti chimbudzi anafika pakhosi n'kuima, mawu oti kukodza anafika pakhosi n'kuima, ngakhale ofewa aja oti kutaya madzi anafika pakhosi n'kuima kumbuyo kwa anzawo ngati ng'ombe pakhomo lopapatiza la khola, ndipo pabenchi lina panali amuna awiri ndi mayi woyamwitsa amene akanamva zonse chifukwa kuti apongoziwo amve anayenera kukuwa, kukuwa za chikhodzodzo cha bambo wobala mwamuna wake pakati pa anthu, ndipo anamva mawu a azakhali aja, pakamwa pako pasadziwe, ndipo anaganiza kuti mwina madziwo adziwa okha chochita, mwina nthawi ichepa, mwina Mulungu, mwina sapitako, ndipo anaika mbaleyo pansi n'kuikankhira pafupi ndi mapazi awo nanena chapansipansi akuyang'ana khoma

8.

Akuti mumwe madzi.

9.

Anamwa. Onse atatu, mwaulemu, akupukuta ndevu pakati pa kapu ndi kapu.

Anakhala. Anasuntha. Anapanikiza mawondo. Kenako anatenga ndodo yawo, nadzuka, nalunjika kuchitseko chojambulidwa kamunthu ka buluku.

Zelipa anawaona. Kuchokera pabenchi kukafika pachitsekocho panali mapazi khumi ndi awiri, anawawerenga. Pa phazi lililonse pakamwa pakanatha kutseguka.

Sipanatseguke.

10.

Zimene anamusungitsa polowa m'chipinda cha makina:

lamba
wotchi yosayenda chiyambire maliro a akazi awo
kiyi wa chigayo chimene chinagulitsidwa kalekale
pini yotsekera thumba la malaya
kampeni kosendera nzimbe
ndodo, chifukwa kunsonga kwake kuli chitsulo

Zing'onozing'onozo anazimanga pachitenje chake chapamwamba. Ndodo anaigoneka pamiyendo. Kuseri kwa chitseko makina anayamba, gu gu gu gu, khe khe khe khe, ngati chigayo chimene chameza mwala.

Sanachedwe. Analeka.

11.

Mayi Kalinde anatuluka manja ali m'chiuno.

Chikhodzodzo chilibe kanthu. Mayi, munawauza?

Ndinawauza.

Zonse?

Zonse.

Bodza limatuluka msanga, lilibe katundu pamutu.

A Sandalamu anatuluka atavala mkanjo wa chipatala, miyendo yawo yowonda ili pamtunda. Mayi Kalinde anawaweramira. Agogo! Simunamve zimene anakuuzani?

A Sandalamu anayang'ana pansi.

Anandiuza, mwana wanga. Makutuwa. Mlandu ndi wa makutu.

Zelipa anamva ngati wina wamutayira phala lamoto pachifuwa. Bambo amene iye wawalakwira ndiwo anamufunditsa.

12.

Tidikire adzazenso, anatero Zelipa. Amwanso ena.

Nthawi yatha, mayi. Owakonza ndi awo afikawo. Ndipo makina akadzauka, pali mzere wa anthu amene analembedwa kale.

Mayi Kalinde anatsegula buku la masiku. Chala chinatsika, chinatembenuza tsamba, chinatsikanso.

Masiku makumi anayi ndi awiri.

Khansayo idikira?

Mayi Kalinde anatseka bukulo. Zambiri za mtundu umenewu zimayenda pang'onopang'ono. Ya bambowa dokotala akuti ndi yothamangirako. Tipemphere.

13.

M'minibasi anakhala mipando yosiyana. Pasiteji ina kondakitala anatsegula chitseko n'kukuwa, wofuna kukodza atsike pano, kutsogoloku sitiima!

Ananena mosavuta choncho, akutafuna chimanga chootcha.

14.

Atafika kumudzi a Sandalamu anakhala pakhonde, navula nsapato, nakanda galu kumbuyo kwa khutu lopindika.

Dziwazako, lero ndalowa m'mimba mwa chigayo. Zaka zonsezi ndimathira chimanga cha eni, lero anthira ine. Amakugoneka pathabwa, amakukankhira mumgolo woyera, denga lili apa pamphuno. Akuti usasunthe. Ndimvere phokosolo, ndati injini imeneyi ikufuna girizi.

Anaseka okha, kuseka kwakufupi kotsirizira m'chifuwa.

Ufa wake sunatuluke, Dziwazako. Tibwereranso.

Zelipa anali kuseri kwa nkhokwe ndi lichero lopanda kanthu m'manja. Madzi akatayika saoleka, amatero akulu. Sananenepo za madzi amene munthu wawaona akupita kukatayika, iye ali chikhalire.

15.

Yotamu anaimba Loweruka masana.

Zatheka?

Sizinatheke. Atipatsa tsiku lina.

Chifukwa?

Abambo sanamve bwino malangizo.

Sanamve? Nanga iwe unapitira chiyani? Kukaona nyumba zosanja? Ine kuno ndikusenza simenti, ndimati iwe ukakhala makutu awo!

Foni ya Zelipa ndi yolongolola, imamveka mpaka kukhola. A Sandalamu anali pakhonde akusema mpini. Sanatukule mutu. Mpeni wokha ndiwo unaima pang'ono, kenako n'kupitiriza.

Ndikanakhala ine ndikanawauza.

Ukanakhala iwe, anatero Zelipa mumtima. Koma suli.

16.

Iwe Zelipa, umadzuka m'mawa n'kuwerenga masiku. Ukusesa, ukuwerenga. Ukutunga, ukuwerenga. Umaganiza za kanthu konga suku kaja, ndi chitseko cha nyumba yake. Kodi chili ndi mpiringidzo? Kodi lero chatseguka pang'ono, ngati cha khola la nkhuku munthu akaiwala kutseka? Umawaphikira nkhwani wotendera amene amamukonda, ngati nsinjiro zingathetse mlandu. Amadya theka. Umayang'ana theka lotsalalo ngati kalata imene sutha kuwerenga.

Mawu atatu unanena. Otsalawo anali angati? Asanu? Khumi? Mawu amene mwana wa zaka zitatu amanena pakati pa ulaliki osaphethira.

Chithunzi chimodzi chokha, anakuuza. Unamva. Makutu ako ndi abwino.

17.

Tsiku la khumi ndi chisanu ndi chinayi, akukumba mtedza, a Sandalamu anaweramuka n'kugwira msana.

Iwe Dziwazako! Uwafunse abambo, msanawo wayamba liti?

Dziwazako, uwauze kuti msana wa nkhalamba ulibe tsiku loyambira.

Iwe Dziwazako! Uwafunse, ukupweteka mnofu kapena fupa?

Uwauze asiye kundifunsa ngati apolisi. Akumbe mtedza, chiswe chisatiyambirire.

Fupa, anatero Zelipa mumtima.

Zelipa anakumba mizere inayi osaona chimene akukumba. Khasu linkadula makoko pakati.

18.

Chaka chachitatu cha ukwati, Zelipa akadali wopanda mwana, abale a Yotamu anakhala pansi pa mtengo wa mango n'kugwirizana kuti mtengwayu abwerere kwawo. A Sandalamu anangokhala ndwii, anthu n'kumalankhula momasuka, poti samva. Nkhani itatha anadzuka, nakutumula fumbi, nauza akazi awo kuti, uwauze anthuwa kuti aNambewe sachoka pano. Wofuna kuthamangitsa, akathamangitse mbuzi zake m'munda mwanga.

Anthu anadabwa kuti amva bwanji. Wina anati, aona milomo.

Ana anabwera pambuyo pake, awiri, tsopano ali kusukulu yogonera konko.

Bambo amenewo. Ndiwo amene iye anawasiya ayende mapazi khumi ndi awiri aja.

19.

Anayamba kuyeserera kudimba, kumene kulibe anthu. Anauza mpiru. Anauza nthochi. Anaweramira chitsime nati, bambo, musakodze. Chitsime chinamubwezera mawuwo, ndipo anathawa ndowa isanadzaze.

Tsiku la makumi atatu ndi chitatu anaima pabwalo.

Iwe Dziwazako! Uwauze abambo kuti tsiku lija kuchipatala

Galu anatukula diso. A Sandalamu anatukula mutu.

uwauze kuti nyemba zapsa.

A Sandalamu anakanda galu kumbuyo kwa khutu.

Dziwazako, uwauze aNambewe kuti inenso

Zii.

inenso njala yandipweteka.

20.

Tsiku la makumi anayi ndi chiwiri. Benchi lomwe lija. Mpata womwe uja. Anthu ochuluka kuposa kale.

Mayi Kalinde anabwera ndi makapu atatu. Lero ndiwauza ndekha, anatero, nakoka mpweya wokuwira.

Zelipa anawagwira mkono. Pepani. Musawakuwire pagulu.

Nanga? Tilakwitsenso?

Tsiku lija sindinawauze. Ndinangoti amwe madzi.

Mayi Kalinde anamuyang'ana. Anayang'ana a Sandalamu. Anayang'ana mpata wa pabenchi uja ngati akuuona koyamba.

Apongozi.

Apongozi.

Mayo ine. Ndipo munandiuza kuti ndinu mtengwa, ine n'kungopitirira ngati lole yopanda mabuleki. Anga ine ndikawaona ndimalowa m'chimanga, ndi yunifolomu yomwe. Dikirani, ndiitane mwamuna awauze.

Ayi, anatero Zelipa. Ndi mtolo wanga. Mungondibwereka kachipinda.

21.

Kachipinda kosinthira zovala, kopapatiza ngati nkhokwe. Mpata wa anthu atatu munalibe. A Sandalamu atalowa, Zelipa anagwada, anapereka msana, natenga ndodo ya apongozi ake n'kuiimika patsogolo pake.

Iwe ndodo!

Sizinamveke. Anakweza mawu, nayambanso.

Iwe ndodo! Uwauze eni ako kuti apite kuchimbudzi, akachotse zonse! Akabwerako amwe makapu atatu! Akamwa asakodze! Ziwawe chotani, asakodze, mpaka makina atamaliza! Uwauzenso kuti tsiku lija ndinauzidwa zonsezi, ine n'kubisa! Msanawo ngati ndi fupa, ndine!

Denga silinagwe.

Kumbuyo kwake kunamveka kupuma kwakutali, kwa chifuwa cha fumbi.

Ndodo, uwauze kuti ndamva.

22.

Kapu. Kapu. Kapu.

Mphindi makumi anayi. Thukuta pamphumi. Mawondo akugundana. Zala zakanirira pathabwa la benchi. Ankang'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi, ndime imodzimodzi, ikatha n'kuiyambanso.

Chitseko cha kamunthu ka buluku chinali pomwepo, mapazi khumi ndi awiri.

Sanachiyang'ane.

Lamba. Wotchi. Kiyi. Pini. Kampeni. Ndodo.

Gu gu gu gu. Khe khe khe khe. Ulendo uno chigayo chinagaya mpaka thumba lonse.

23.

Chatheka! anakuwa mayi Kalinde ali pakhomo. Chithunzi chokongola ngati cha ukwati! Agogo, thamangani!

Nkhalamba sithamanga. Anayenda mapazi asanu ndi awiri. Pa lachisanu ndi chitatu anaima, ndipo pasimenti yoyera panayamba kufalikira chimene anachisunga nthawi yonseyo. Anthu a pabenchi anaona. Bambo wina anatembenuza nkhope. Mayi wina anati, ayi, zimachitika.

A Sandalamu anaima pomwepo, maso ali otseka, ngati munthu wodikira chikwapu.

Zelipa sanaganize. Anamasula chitenje chapamwamba, lamba ndi kiyi ndi kampeni n'kumwazika pansi, nawakulunga nacho m'chiuno, namanga mfundo ndi manja ake.

Dzuwa lija analigwira. Silinamutenthe.

24.

Ine mayi Kalinde ndinakhala ndi dokotala pakompyuta. Tinazunguliza mzere wofiira pa kanthu konga suku. Wachikasu pachikhodzodzo, chodzaza bwino ngati chikho. Wobiriwira pamatumbo, amene anakankhidwira kutali monga timafunira. Tinayang'ana mafupa a m'chiuno limodzilimodzi. Oyera. Ikadali m'nyumba mwake, ngakhale yasendera kuchitseko kuposa mmene tikanakondera. Msanawo ndi wa khasu.

Ndinatumiza uthenga pafoni ya mtengwa uja: mubwere Lolemba, masiku makumi awiri, makapu atatu tsiku lililonse.

Ndipo pakhoma la chipinda changa ndinamata kapepala kodzilembera ndekha. Ukafunsa woperekeza kuti ndi ndani wake, udikire umve yankho.

25.

Lamulungu masana, mawa lake ndi ulendo. Zelipa akuswa mtedza pamkeka. A Sandalamu ali pakhonde, apereka msana.

Dziwazako.

Uwauze aNambewe kuti chigayo chinapha khutu lamanzere lokha. Lamanjali limamva. Limamva mbuzi ikalowa m'munda, linamva abale pansi pa mango, limamva foni ya Yotamu. Kugonthaku ndinangokuvala ngati jekete. Munthu wogontha sakangana ndi anthu, ndipo mtengwa wake amamasuka kuseka pabwalo.

Uwauze kuti tsiku lija pabenchi ndinamva zonse. Choyamba, chachiwiri, chachitatu. Asakodze ndinamumva katatu. Madziwo ndinamwa ndikudziwa. Koma atayamba kukankha, ndinaona simenti yoyera ija, ndinaona aNambewe atakhala apo, ndinati, Sandalamu, udzinyowetsa pamaso pa mtengwa wako. Ndinasankha chitseko. Mapazi khumi ndi awiri, nanenso ndinawawerenga. Pa phazi lililonse ndinkati akandiletsa ndibwerera, ndipo pa phazi lililonse ndinkapemphera kuti asandiletse.

Uwauze kuti pamene ndinati mlandu ndi wa makutu, sindinkafunditsa iwo. Ndinkadzifunditsa ndekha. Yotamu atawakalipira, ine ndinangosema mpini. Masiku makumi anayi ndi awiri ndawaona akusenza mtolo wanga, ine n'kumadya nkhwani wawo wotendera. Unkandikakamira pakhosi, Dziwazako. N'chifukwa chake ndinkasiya theka.

Uwauze kuti chimene ndinkachiopacho chinachitikabe, ndipo sindinafe.

Uwafunse ngati angandikhululukire.

Zelipa anasiya mtedza. Anayang'ana paphulusa, pansi pa nkhokwe, pansi pa mango. Dziwazako anali atatsatira galu wamkazi wa kutsidya chiyambire m'mawa. Pabwalo panalibe galu. Ndodo nayo inali m'nyumba, kuseri kwa chitseko.

Anatembenuka. Iwonso anali atatembenuka. Maso awo anali aang'ono, ofiirira, onyowa m'mbali, ofanana ndi a Yotamu. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri sanadziwe zimenezo.

Sanakuwe.

Bambo, mawa makapu atatu. Ndipo musakodze.

Ndamva, mayi.